CRP yosatsika mwa mayi wonenepa amene ali pa TLD: tisakebe TB kapena gwero ndi mafuta?

Kilinishani wa ku ART: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo pa wodwala uyu. Ndi mayi wa zaka 41, ali pa TLD (ma ARV a piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir) kuyambira 2019, viral load yosaoneka, CD4 yopitirira 600, Bactrim amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo akulera ndi jakisoni wa Depo. Akudandaula kutopa ndi kuphwanya kwa mawondo, makamaka pokwera mtunda. Satsokomola, satentha thupi, satuluka thukuta usiku. Sikelo ikukwera, sikutsika: ankalemera makilogalamu 68 poyamba TLD, pano ali pa 94. Kutalika ndi 158 cm, BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) 37.7. CRP, puloteni ya m'magazi imene imakwera m'thupi mukakhala kutupa (inflammation), yayezedwa katatu m'miyezi isanu ndipo yatuluka 9, 11 ndi 8 mg/L. Poti yadutsa 5, ulendo uliwonse amagwera m'gulu la oganiziridwa TB. GeneXpert, makina oyezera TB m'makhololo, kawiri konse mulibe kanthu, X-ray ya pachifuwa ili bwino, mRDT ya malungo negative, mkodzo ulibe vuto. M'buku lake la kuchipatala muli amoxicillin, kenako doxycycline, komanso ibuprofen amene akumwabe mpaka pano. Zina ndi izi: Hb (kuchuluka kwa magazi) 11.2, MCV (kukula kwa maselo ofiira) 78, ferritin (nkhokwe ya ayironi) 48, zoyezera chiwindi ALT 52 ndi AST 38, ma platelet 260, shuga woyeza atadya 8.9 mmol/L, BP 148/94. Tipitirize kusaka matenda opatsirana, kapena CRP imeneyi ikuchokera kwina? Nanga tilembe chiyani m'buku kuti amene adzamuone mwezi wamawa asayambirenso maantibayotiki?

Wa ku labu: Tisanapite patali, achimwene, CRP imeneyi inayezedwa ndi njira iti? Manambala 9, 11 ndi 8 akusonyeza kuti ndi ya makina, chifukwa ya latex pa khadi siingatulutse otero. Latex imayambira pa 6 mg/L ndipo mukamasungunula seramu (madzi a m'magazi) theka ndi theka mumapeza 6, 12, 24, 48 basi. Ngati mwa zotsatira zitatuzo muli china cha latex, musaziike pa mzere umodzi. Latex ili ndi misampha yake: mukawerenga mphindi ziwiri zitadutsa, dontho limayamba kuuma m'mbali n'kuoneka ngati lagwirana pomwe silinagwirane, komanso rheumatoid factor (puloteni yopezeka mwa odwala nyamakazi) yokwera imatha kunamiza. Ku makina, mdani wamkulu mwa anthu onenepa ndi seramu yamkaka. Makina ambiri amayeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwadutsa m'madzi, ndiye magazi otengedwa munthu atangodya chipisi kapena mandasi, mafuta a m'magazi a triglyceride ali m'mwamba, amasokoneza kuwerengako. Mayiyu abwere m'mawa asanadye, titenge CRP, shuga ndi mafuta a m'magazi pa ulendo umodzi.

Kilinishani wa ku ART: Zonse zitatu ndi za makina amodzi. Koma magazi ankatengedwa masana, ndiye za seramu yamkakazo n'zotheka. Tibwereza m'mawa.

Dokotala wa matenda a akulu: Bwerezani ndithu, koma ndikuona kuti ituluka pomwepo, pakati pa 7 ndi 11. Taonani mmene nambalayo ikuyendera. CRP imapangidwa m'chiwindi chikalandira uthenga wa IL-6, puloteni imene maselo amatulutsa pakakhala kutupa. Ikakhala ya bakiteriya imayamba kukwera pakatha maola 6 mpaka 8, imafika pachimake pa maola 48, ndipo gwero likachoka imatsika ndi theka pa maola 19 aliwonse. Choncho CRP ya matenda opatsirana siikhazikika. Imakwera matenda akamakula, imagwa mankhwala akagwira. Ya mayiyu yakhala malo amodzi miyezi isanu, maantibayotiki a mitundu iwiri osaigwedeza. Pali china chimene chikutulutsa IL-6 pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo mwa munthu amene wawonjezera makilogalamu 26, choyamba kuchiganizira ndi mafuta a m'thupi mwake.

Malire a 5 mg/L aja ndi a bungwe la WHO, m'malangizo a 2021 oyezera TB mwa anthu amene ali ndi HIV. Amagwira bwino kwambiri mwa anthu oyendera kuchipatala amene sanayambe ma ARV. Ndi sefa yongosankha amene apereke makhololo, si umboni wa matenda. Sefayo yagwira ntchito yake, makhololo ayezedwa kawiri, X-ray yajambulidwa. Kulemba amoxicillin chifukwa cha CRP ya 9 yokha, popanda chizindikiro chilichonse, kulibe maziko.

Ofesala wa TB: Adokotala, ndikugwirizana nanu, koma ndichenjeze. Kunenepa kumachepetsadi mwayi woti munthu akhale ndi TB, koma matenda a shuga amauchulukitsa pafupifupi katatu, ndipo shuga wa mayiyu sali bwino. Komanso GeneXpert ya makhololo siiona TB ya m'mimba, ya m'mwanabele kapena ya msana. Musanatseke nkhaniyi, mupapase m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, mugogode msana, mufunse ngati kunyumba kuli wotsokomola. Urine LAM, yoyezera TB mu mkodzo, musataye, pa CD4 yopitirira 600 mwa munthu woyenda yekha siikuthandizani. Muonenso ngati analandira mankhwala oteteza TB, 3HP kapena IPT, ndipo ngati sanalandire, ino ndi nthawi yake popeza TB yafufuzidwa mokwanira.

Kilinishani wa ku ART: Mwanabele palibe, msana suwawa, kunyumba kulibe wotsokomola. 3HP anamaliza. Koma bwana mphunzitsi, tifotokozereni bwino mmene mafuta amatulutsira IL-6. Ambirife tinaphunzira kuti mafuta ndi nkhokwe ya mphamvu basi.

Mphunzitsi wa physiology: Maganizo amenewo anayamba kusintha mu 1993, pamene Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman anasonyeza kuti mafuta a mbewa zonenepa amapanga TNF-alpha, puloteni yoyambitsa kutupa, wambiri, ndipo kutchinga TNF-alpha m'makoswe onenepa kunathandiza insulini kugwira ntchito. Zimene zadziwika chichokereni nthawi imeneyo zimayenda motere.

Munthu wamkulu akamanenepa, maselo a mafuta amayamba ndi kufufuma. Selo limodzi limatha kupitirira ma micrometre 100 m'mimba mwake, pomwe timitsempha tamagazi sitikuchuluka mofanana. Okosijeni amavutika kufika paliponse, ndipo selo limadzutsa puloteni yotchedwa HIF-1alpha. Imeneyi, m'malo mongoitana mitsempha yatsopano, imachulukitsa collagen kuzungulira selo. Ndiye selo likufuna kukula koma lamangidwa ndi ulusi wolimba.

M'kati mwa selomo muli endoplasmic reticulum, malo amene mapuloteni atsopano amapindidwa kuti atenge maonekedwe ake oyenera. Chakudya chikachuluka, makamaka mafuta olimba monga palmitate pamodzi ndi shuga, ntchito imaposa mphamvu ya malowo ndipo mapuloteni opindika molakwika amaunjikana. Pa khoma lake pali alonda atatu: PERK, IRE1alpha ndi ATF6. Masiku onse amakhala chete chifukwa puloteni ina, BiP, imawagwira. Mapuloteni olakwika akachuluka, BiP imawasiya alondawo kukathandiza kupinda, ndipo iwo amadzuka. PERK imachepetsa kupanga mapuloteni atsopano kudzera mu eIF2alpha. ATF6 imapita ku Golgi, imadulidwa, n'kulowa mu nucleus kukalamula kuti othandiza kupinda achuluke. IRE1alpha imadula uthenga wa XBP1 kuti endoplasmic reticulum ikule. Zonsezi cholinga chake n'kupulumutsa selo, ndipo vuto likakhala la kanthawi zimathekadi. Likakhala la zaka, IRE1alpha imadzutsanso puloteni ina, JNK, ndipo njira ya NF-kappaB, imene imayambitsa kutupa, imatseguka.

Apa m'pamene nkhaniyi ikukumana ndi shuga wa mayiyu. Insulini ikafika pa selo, uthenga wake umadutsa pa puloteni ya IRS-1, imene imayenera kulandira phosphate pa tyrosine. JNK imaika phosphate pa serine, ndipo uthengawo umathera pomwepo. Umut Özcan ndi anzake anasonyeza mgwirizano umenewu mu 2004. Selo la mafuta losamvera insulini silisiya kutulutsa ma fatty acid, tizidutswa ta mafuta, ngakhale munthu atangodya kumene. Limatulutsanso MCP-1, imene imaitana ma monocyte, maselo oyera oteteza thupi, kuchokera m'magazi.

Mu 2003 magulu awiri a ofufuza, lina la Stuart Weisberg ndi Anthony Ferrante, anapeza kuti mafuta a onenepa amadzaza ndi ma macrophage, maselo oteteza thupi amene amameza tizilombo ndi maselo akufa: kuchoka pa ochepera 10 mwa maselo 100 alionse mwa wowonda, kufika pafupifupi 40 mwa munthu wonenepa kwambiri. Pa maikulosikopu amaoneka atazungulira selo la mafuta lakufa ngati nyerere pa chiwala, ndipo Saverio Cinti anafotokoza zimenezi mu 2005. Ma macrophage amenewa ndi amene amatulutsa gawo lalikulu la TNF-alpha, komanso IL-1beta kudzera mu NLRP3, ndi IL-6 wambiri. TNF-alpha imawonjezera kutuluka kwa ma fatty acid, ma fatty acid amaputanso ma macrophage, zinthu n'kumangozungulira. Adiponectin, amene amathandiza chiwindi ndi minofu kumvera insulini, amatsika.

Zambiri za ndondomekoyi zinaonekera poyamba m'mbewa, koma mbali zikuluzikulu zatsimikizika mwa anthu. Mwa onenepa kwambiri, IL-6 wa mu portal vein, mtsempha wotenga magazi a m'matumbo kupita ku chiwindi, anapezeka wokwera ndi pafupifupi theka kuposa wa mumtsempha wa pamkono. Tanthauzo lake n'lakuti mafuta a m'kati mwa mimba, a pa omentum ndi mesentery, amathira IL-6 ndi ma fatty acid molunjika m'chiwindi. CRP ya 9 ndi ALT ya 52 mwa mayiyu zitha kukhala ndi gwero limodzi.

Nesi wa kiliniki ya NCD (matenda osapatsirana): Ndiye m'chiuno mwayeza? BMI siinena kumene mafutawo ali. Kayezedwe kake ambiri timalakwitsa chifukwa timangoika tepi pa mchombo, pomwe mwa munthu wa mimba yogwa mchombo umatsika. Mayiyo aime chilili, mapazi pafupi, amasule chitenje ndi lamba. Papasani nthiti yomaliza m'mbali, papasaninso nsonga ya fupa la m'chiuno, ndipo tepi idutse pakati pa malo awiriwo, yowongoka kuzungulira thupi lonse. Werengani akamaliza kutulutsa mpweya mwachizolowezi, osati atakoka mimba. Tepi ikhudze khungu koma isalowe. Yezani kawiri, zikasiyana ndi kupitirira 1 cm mubwereze. Malire amene timagwiritsa ntchito ndi 80 cm kwa amayi ndi 94 cm kwa abambo, ngakhale anatengedwa kwa azungu. Njira yosavuta kufotokozera wodwala ndi yakuti m'chiuno musapitirire theka la kutalika kwake. Kwa mayi wa 158 cm ndiye kuti 79 cm.

BP ijanso ndikuikayikira. Munagwiritsa ntchito cuff (lamba womanga pamkono) iti? Mkono ukapitirira 32 cm pamafunika yaikulu. Yaing'ono pa mkono waukulu imakweza nambala. Muonenso kuseri kwa khosi ndi m'khwapa ngati khungu lada ndi kukhuthala. Amayi ambiri amaliyesa litsiro n'kumalikwecha ndi mwala, koma ndi acanthosis nigricans, chizindikiro choti insulini yachuluka m'magazi.

Kilinishani wa ku ART: Asisita, mwalasa. Wabweranso lero m'mawa asanadye. M'chiuno ndi 108 cm, mkono 38 cm. Ndi cuff yaikulu, atakhala pansi mphindi zisanu, BP ndi 136/86. Khosi ndi lakuda kuseri monga mwanenera. Shuga asanadye ndi 6.4 mmol/L, kapena kuti 115 mg/dL. CRP yatuluka 9, seramu yoyera bwino. Akuti amaliza mkonono kwambiri usiku ndipo masana amawodzera.

Dokotala wa matenda a akulu: Chithunzi chakwanira tsopano. Shuga wa 6.4 ali pakati pa 6.1 ndi 6.9, sanafike pa matenda a shuga amene amayambira pa 7.0, koma ali pakhomo. HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi ingapo yapitayo, musaidalire mwa mayiyu. Kuchepa kwa ayironi kumaikweza monama, pomwe mwa anthu ambiri amene ali ndi HIV imawerenga motsika, ndiye simudziwa kuti yapendekera kuti. Ngati mungathe, chitani OGTT: magalamu 75 a glucose m'madzi okwana kapu imodzi yaikulu, amwe m'mphindi zisanu, akhale pansi osadya osayendayenda, muyeze pakatha maola awiri. Kuyambira 7.8 mpaka 11.0 ndi chenjezo, 11.1 kupita m'mwamba ndi matenda a shuga.

Chiwindi tiwerengere FIB-4, nambala yosonyeza mwayi wa zipsera m'chiwindi. Zaka kuchulukitsa ndi AST, kugawa ndi ma platelet ochulukitsidwa ndi square root ya ALT. Apa ndi 41 kuchulukitsa 38, kugawa ndi 260 kuchulukitsa 7.2, yankho 0.83. Pansi pa 1.3 mwayi wa zipsera zazikulu m'chiwindi ndi wochepa. Funsani za mowa ndi mankhwala azitsamba, yezani HBsAg ya matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo ultrasound ikapezeka ione mafuta m'chiwindi. Mkonono ndi kuwodzera kuja kukuloza kubanika m'tulo, kumene nakonso kumakweza IL-6 ndi BP, ndipo kungakhale mbali ya kutopako. Muyang'anenso m'kamwa. Nkhama zotupa ndi zotuluka magazi zimasunga CRP pamwamba miyezi yambiri, ndipo kawirikawiri palibe amene amatsegula pakamwa pa wodwala wa ku ART. VIA, kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, ngati yapitirira nthawi, achite. Mawondo: ngati kuuma kwa m'mawa sikufika theka la ola ndipo zala za m'manja zili bwino, ndi kutha kwa mafupa a m'bondo chifukwa cha kulemera, osati rheumatoid.

Wa ku labu: Ferritin ija tisaidumphe. Munthu akaona 48 amati ayironi alipo, poti malire a munthu wabwinobwino ndi 15. Koma ferritin imakwera pamodzi ndi CRP. Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu akakhala ndi inflammation, ferritin yochepera 70 ndi kuchepa kwa ayironi. Ndi Hb 11.2 ndi MCV 78, mayiyu ayironi wamuchepera. IL-6 yemweyo amauza chiwindi kupanga hepcidin, ndipo hepcidin amawononga ferroportin, khomo limene ayironi amatulukira m'maselo a matumbo ndi m'ma macrophage. Ayironi wa m'chakudya salowa mokwanira, wa m'nkhokwe satuluka. N'chifukwa chake mumapeza mayi wonenepa koma magazi ochepa.

Komabe mafuta asasenze mlandu wonse. Amene ali pa Depo nthawi yaitali ambiri sasamba, ndiye ngati magazi akutayika, akutayikira kuti? Tumizani chimbudzi tione njoka za m'mimba ndi magazi obisika, mufunse ngati amasamba kapena kuchapa kunyanja ndi kumadambo chifukwa cha likodzo. Ibuprofen wa miyezi yambiri yekha amakwanitsa kukanda m'mimba.

Wa ku famase: Ibuprofen ameneyo aleke lero. Kuwonjezera pa m'mimba, ali pa tenofovir, ndipo awiriwa pamodzi amalemetsa impso, komanso amakweza BP. Paracetamol 1 g akamva kuwawa, osapitirira 3 g pa tsiku poti ALT yakwera, ndi diclofenac wopaka pa bondo ngati alipo. Prednisolone asayerekeze n'komwe. Amatsitsadi CRP, koma amakweza shuga ndi kusonkhanitsa mafuta m'mimba momwemo.

Pa ayironi pali msampha waukulu. Ferrous sulphate, calcium ndi magnesium trisilicate amagwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. TLD amwe maola awiri asanamwe ayironi, kapena maola 6 atamwa ayironi. Chosavuta: TLD m'mawa, ayironi madzulo, kapena mosinthanitsa malinga ndi nthawi imene anazolowera. Piritsi la 200 mg lili ndi 65 mg ya ayironi weniweni. Limodzi pa tsiku, kapena kudumphitsa tsiku, n'lokwanira. Mlingo uliwonse umakweza hepcidin kwa pafupifupi maola 24, ndiye katatu pa tsiku kumangochulukitsa kudzimbidwa ndi nseru. Asamwere tiyi. Hb muyezenso pakatha mwezi.

Mukafika poyamba metformin, mankhwala a shuga, kumbukirani kuti dolutegravir amatchinga OCT2, khomo limene metformin amatulukira mu impso. Pa 50 mg kamodzi pa tsiku, metformin wa m'magazi amakwera ndi 79 peresenti. Yambani ndi 500 mg pa chakudya chamadzulo, ndipo 1000 mg pa tsiku akhale malire pokhapokha mukuyang'anira mwatcheru. Creatinine, yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, muyeze kaye, podziwa kuti dolutegravir amaikweza pang'ono popanda impso kuwonongeka.

Kilinishani wa ku ART: Nanga osangomuchotsa pa dolutegravir? Mwini wake akuti kunenepaku kunayamba ndi mankhwala atsopanowa.

Dokotala wa matenda a akulu: Akunena zoona mbali ina. Kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti pa masabata 48 amayi a pa dolutegravir ndi TAF (mtundu watsopano wa tenofovir) anawonjezera makilogalamu 6.4, a pa dolutegravir ndi TDF (tenofovir wa mu TLD) 3.2, a pa efavirenz (ARV wakale) 1.7. Koma efavirenz ndi TDF pazokha zimachepetsa kunenepa, ndiye gawo lina la kusiyanako likuchokera kumeneko. Makilogalamu 26 si a piritsi lokha. Muli Depo, muli zaka, muli kadyedwe. Kumubweza pa efavirenz n'kuika pachiswe viral load imene ili bwino, popanda chitsimikizo choti thupi litsika. Ndipo ngati HBsAg ituluke positive, tenofovir ndi lamivudine asachotsedwe chifukwa matenda a chiwindiwo amatha kubuka mwamphamvu. Asiyeni pa TLD. Chimene chingasinthidwe ndi kulera. Implant imayenda bwino ndi dolutegravir, lupu nayonso. Mapiritsi okhala ndi estrogen ayi: zaka zadutsa 40, BP ili m'malire, BMI 37, komanso estrogen wakumwa amakweza CRP payekha.

Wina afunsa kuti bwanji osapereka mankhwala oletsa inflammation yeniyeniyo. Zinayesedwa. Mu kafukufuku wa CANTOS, 2017, canakinumab wotchinga IL-1beta anatsitsa CRP ndi kuchepetsa matenda a mtima ndi pafupifupi 15 peresenti, koma sanachepetse chiwerengero cha odwala shuga atsopano, ndipo imfa za matenda opatsirana zinakwera. Salsalate anatsitsa HbA1c ndi 0.37 yokha. TUDCA ndi 4-phenylbutyrate, othandiza mapuloteni kupindika bwino, anachiza shuga m'mbewa mu 2006 koma sanakhale mankhwala a kuchipatala a vutoli. Ngakhale kupopa mafuta: Samuel Klein ndi anzake mu 2004 anachotsa mafuta a pansi pa khungu la mimba okwana makilogalamu 10 mwa amayi onenepa, koma CRP, IL-6 ndi kumvera insulini sizinasinthe. Maselo otsalawo anali ofufumabe ndipo mafuta a m'kati sanakhudzidwe. Chimene chimapumitsa selo ndi kuchepa kwa chakudya cholowamo. Statin, mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi, ndi nkhani ina yoyenera kukambirana naye mukaona mafuta a m'magazi, popeza kafukufuku wa REPRIEVE mu 2023 anapeza kuti pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi 35 peresenti mwa anthu a HIV a zaka 40 mpaka 75.

Wa za kadyedwe: Cholinga chikhale chofikirika. Mu Diabetes Prevention Program ku America, anthu a shuga wa pakhomo ngati uyu amene anapatsidwa cholinga chotsitsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata anachepetsa kudwala shuga ndi 58 peresenti, pomwe metformin anachepetsa ndi 31. Kwa mayi wa makilogalamu 94, 7 peresenti ndi makilogalamu 6 ndi theka, m'miyezi 6. Osamuuza za kubwerera pa 68.

Yambani ndi zakumwa chifukwa m'mene muli phindu lachangu. Mufunseni masipuni a shuga pa kapu ya tiyi ndi makapu angati pa tsiku. Sipuni yaing'ono ndi magalamu 4, ndiye masipuni anayi katatu pa tsiku ndi magalamu 48, pafupifupi malire onse a tsiku a WHO a magalamu 50, asanamwe Sobo, thobwa lothira shuga kapena botolo la zoziziritsa kukhosi, limene la 330 ml limakhala ndi magalamu 35 kapena kuposa. Achotse sipuni imodzi sabata iliyonse. Fructose wa mu shugayu amakathera m'chiwindi n'kusanduka mafuta, ndiye ALT imayankha msanga. Kenako mafuta ophikira: sipuni yaikulu imodzi ndi ma calorie 120, ndipo ambiri amathira ndi botolo osayeza. Ayeze ndi sipuni, ndipo masamba akathira nsinjiro asathirenso mafuta. Nsima asasiye. Achepetse mitanda, ngati amadya itatu adye iwiri, kenako umodzi ndi theka, ufa wa mgaiwa m'malo mwa woyera, theka la mbale likhale nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru. Nyemba, nandolo, usipa ndi matemba zikhale ndiwo za masiku ambiri, zimene zithandizenso ayironi akadyera limodzi ndi bwemba, malambe, gwafa kapena tomato. Mandasi ndi chipisi cha pachiwaya zikhale za apo ndi apo.

Poti mawondo akuwawa, ayende pamalo athyathyathya mphindi 10 mpaka 15 akangomaliza kudya, katatu pa tsiku. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga popanda kudikira insulini, ndiye njira yotsekedwa ndi JNK ija imalambalalidwa. Awonjezere kukhala ndi kudzuka pa mpando kakhumi, kawiri pa tsiku, kulimbitsa ntchafu.

Kalankhulidwe n'kofunika kwambiri. Kwa mayi amene anaonapo anthu akuwonda ndi matendawa, thupi ndi umboni woti ali bwino, ndipo akayamba kutsika anthu ayamba kunong'ona. Mukangoti "muchepetse thupi" sabweranso. Muuzeni kuti thupi likhalapo, chimene tikuchotsa ndi mafuta a m'mimba amene akulemetsa chiwindi ndi mawondo, ndipo mumuonetse pa tepi. Ngati avomera, abwere ndi amene amaphika kapena kudya naye mbale imodzi.

Mphunzitsi wa physiology: Ndiwonjezere chimodzi kuti CRP isadzakukhumudwitseni. Elizabeth Selvin ndi anzake ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2007 anapeza kuti kilogalamu imodzi yotsika imatsitsa CRP ndi pafupifupi 0.13 mg/L. Makilogalamu 6 ndi theka ndiye kuti sifika n'komwe 1 mg/L. Faidon Magkos ndi gulu la Klein mu 2016 anaonanso kuti kutsika ndi 5 peresenti kunakonza kumvera insulini m'chiwindi, m'minofu ndi m'mafuta pomwe zizindikiro za inflammation zinali zisanasinthe. Zimenezo zinayamba kusuntha thupi litatsika ndi 11 mpaka 16 peresenti. Mayiyu atha kuchita zonse bwino, shuga n'kutsika, ALT n'kutsika, CRP ikadali 8. Muzimutsata ndi tepi, sikelo, shuga wa m'mawa, BP ndi ALT.

Ofesala wa TB: Apa pabuka vuto lina la ife. Akayamba kutsika thupi, funso la kuwonda pa mafunso anayi a TB (chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda) liyankhidwa kuti inde, CRP ili pamwamba pa 5, ndiye ayambiranso kuzungulira. Kapena choopsa kwambiri, adzayamba TB yeniyeni ife n'kumayamikira kuti kadyedwe kakugwira. Kusiyanitsa kwake: kutsika kofuna kumayenda pang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata kapena kuchepera, chilakolako cha chakudya chilipo, mphamvu zikubwerera, Hb ikukwera. Akamatsika mofulumira kuposa pamenepo, chakudya osachifuna, kapena CRP itawirikiza kuchoka pa 9 wakeyo, kwa ine ameneyo ndi wa makhololo ndi X-ray tsiku lomwelo. Ludzu ndi kukodza pafupipafupi pamodzi ndi kuwonda, yezani shuga musanayamikire.

Kilinishani wa ku ART: Zikomo nonse. M'buku ndalemba motere, mundikonze ngati pena paperewera. CRP yake ya masiku onse ndi 8 mpaka 11 mg/L, yayezedwa kanayi, TB yafufuzidwa ndi GeneXpert kawiri ndi X-ray, gwero loganiziridwa ndi kunenepa, maantibayotiki asaperekedwe chifukwa cha nambalayi yokha. Afufuzidwenso TB pakakhala chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda kofulumira kapena CRP yopitirira 20. Ali pa ndondomeko yotsitsa thupi kufika makilogalamu 87 mpaka 88 m'miyezi 6. Ibuprofen waimitsidwa. Ferrous sulphate limodzi madzulo, TLD m'mawa. Tatumiza HBsAg, creatinine, mafuta a m'magazi ndi chimbudzi. OGTT sabata yamawa. Wapita ku kulera kukakambirana za implant, ndi kwa a mano.

Nesi wa kiliniki ya NCD: Onjezani pa tsamba loyamba kuti BP iziyezedwa ndi cuff yaikulu, ndipo lembani 108 cm ndi malo amene tepi inadutsa, kuti woyeza wotsatira adutse pomwepo. Tsiku lake la NCD ligwirizane ndi tsiku lotenga ma ARV. Mukamupatsa masiku awiri osiyana, la ma ARV adzabwera, linalo adzalephera chifukwa cha thiransipoti.

Wa ku famase: Ndipo pa pepala la mankhwala mulembe maola enieni, TLD 6 koloko m'mawa, ayironi 7 koloko madzulo. Mufunsenso ngati amagula yekha mankhwala a kutentha pamtima ku golosale, chifukwa ambiri mwa amenewo ali ndi magnesium kapena aluminium ndipo lamulo la maola lija likuwakhudza. Viral load yotsatira isachedwe, itengedwe pakatha miyezi itatu chiyambireni ayironi.